Mutu 6: Diso Lakumanja la Ulaliki

1. Kiyi wa m'khosi

Ku Bowe galimoto si zambiri, koma yodziwika ndi imodzi. Ndi pikapu yoyera ya a Elifala. Kuyerako kunatha kalekale, lero muyenera kungokhulupirira. Anthu anaipatsa dzina loti Ulaliki, chifukwa ikayamba ulendo palibe amadziwa kuti ithera nthawi yanji. Zitseko zake sizinkakhomeka, ankangozimanga ndi mphira.

A Elifala anayendetsa galimoto za ku mishoni zaka zambiri, ndipo injini ankaidziwa kuposa ana awo. Tsopano maso anali atachita nkhungu. Chiwongolero anasiyira mwana wawo Dave, mnyamata amene ankapesa tsitsi pagalasi la galimoto kanayi pa tsiku, koma oyilo osamuyang'ana ngakhale kamodzi pa mwezi.

Chimene mkuluyu sanasiyire munthu ndi bokosi lake la masipanala. Linali lachitsulo, lobiriwira, ndipo linkakhala kuseri kwa mpando wa Ulaliki. Kiyi wake ankagona m'khosi mwa a Elifala pamodzi ndi kolona. Dave ankaliona bokosilo ngati lake kale, kungoti mwini wake akuchedwa.

Koma amene ankagona pansi pa Ulaliki Loweruka lililonse, nkhope ili bii ndi girizi, anali Tiyamike, mwana wa mlongo wawo wa a Elifala. Anali mu Folomu 3. Anzake ankalota za unamwino. Iye ankalota injini.

Sabata imeneyo mchimwene wake wa Tiyamike, Agustino, anali ndi chinkhoswe ku Malomo, kwawo kwa Luckness, mtsikana amene anamufunsira. Nkhoswe ya mnyamata anali a Elifala, paja ndiwo amalume ake.

"Tiya," anatero a Elifala Lachisanu masana, mtsikanayo atangoweruka kusukulu. "Mawa tikunyamula anthu khumi ndi asanu, tambala osawerengera. Popita tiona ndi dzuwa. Nanga pobwera tiona ndi chiyani?"

Tiyamike anayang'ana nyali za Ulaliki. Magalasi ake anali achikasu ngati mano a munthu wodya fodya. Yakumanzere inkawala ngati koloboyi amene watha mafuta. Yakumanja inafa chimanga chisanache.

"Lero ukonze ndiwe," anapitiriza mkuluyo. "Ine ndigwira ntchito ndi pakamwa pokha. Zikadzatifikitsa kuno mawa zonse ziwiri zikuwala, kiyi uyu asamukira m'khosi mwako."

Dave, amene ankadya nzimbe pakhonde, anatsamwa.

"Adadi, bokosi kupatsa mkazi wanga uyu? Aziikamo tomato!"

Musadabwe ndi mawuwo. Awiriwa anali pachisuweni, ndipo kwathu kuno msuweni amakutcha mkazi wake iwe n'kuseka, amakutengera chipewa iwe n'kuseka. Ukakwiya wolakwa ndiwe. Tiyamike anali atataya kale zolembera zitatu, sopo ndi ambulera ku chisuweni cha Dave.

"Amuna anga," anayankha Tiyamike, "inu sipanala ndi supuni simusiyanitsa. Idyani nzimbe mwakachetechete."

Onse anaseka. Dave nayenso anaseka, koma ndi mano okha.

2. Galimoto yabodza

Ntchito inayamba ndi madzi a sopo. Kenako Tiyamike anaviika sandipepa wosalala m'madzi n'kumapala galasi pang'onopang'ono, mbali imodzi yokha, mpaka madzi achikasu anayenderera pabampala. Atatsuka, anafinyira mankhwala otsukira mano pakansalu n'kumapukuta mozungulira. Galasi linayamba kuonetsa nkhope yake.

"Taonani Ulaliki akutsuka m'mano," anatero Dave. "Nayenso akukafunsira ku Malomo."

Agustino anali atagula mababu awiri atsopano ku Mponela. Tiyamike atatambasula dzanja, a Elifala anamumenya chala ndi kamtengo.

"Galasi la babu sagwira ndi zala. Mafuta a m'zala zakowo amalipsereza. Gwira ndi nsalu."

Pamalo a fyuzi anapezapo kapepala konyezimira ka m'paketi ya ndudu. Aliyense anadziwa mwini luso limenelo. Mwiniwakeyo, Dave, anayang'ana kumwamba ngati akuwerenga mbalame.

"Fyuzi imafa kuti mawaya asapse," anatero a Elifala. "Pepala la ndudu silidziwa kufa. Limangoonerera galimoto ikuyaka. Ikapo fyuzi yeniyeni."

Tiyamike atachotsa babu lakufa lakumanja, mkuluyo anamuuza kuti alipinde mwendo umodzi ndi pulayala. "Babu lakufa umalipinda mwendo, kuti wina asadzalibwezeremo poyesa lamoyo." Analipinda, n'kupatsa Dave kuti akaponye m'chimbudzi.

Dzuwa litapendeka anaimika Ulaliki moyang'ana khoma la nyumba. Tiyamike analemba mizere ndi choko, n'kumapotokola tizitsulo ta kuseri kwa nyali mpaka kuwala konse kunagwera pansi pa mzere, kuti kuziona msewu osati kuthobwa anthu m'maso. Khoma linayera ngati masana. Ngakhale nkhuku zinatsikanso pamtengo.

Kenako a Elifala anamuitana Tiyamike.

"Khala apa, mwana wa mlongo wanga, ndikuuze chimene ndavutikira ndi diso lakumanjali. Galimoto yopanda nyali zonse ndi yoopsa, koma ndi yachilungamo, chifukwa palibe amaiyendetsa. Yoipa ndi ya diso limodzi. Imeneyo ndi yabodza. Munthu wobwera kutsogoloko amaona nyali imodzi kumphepete kwa msewu, n'kunena mumtima kuti ndi njinga yamoto, malo alipo. Amalowa pakati. Sadziwa kuti pamene akuyesa mdimapo pali chitsulo.

"Ine ndinayendetsapo lole ya diso limodzi. Ndinali mnyamata, ndinkachokera ku Ntchisi ndi chimanga cha ku mishoni. Ndinati msewu ndikuudziwa, ndiyenda pang'onopang'ono. Pachitunda china ndinakumana ndi mlangizi wa zaulimi, dzina lake Petulo, ali pa njinga yake yamoto. Sanafe ayi. Koma mwendo unatsala pamenepo. Anali ndi ana atatu. Mpaka lero ndikamuona pamsika akuyenda ndi ndodo ziwiri, ndimawoloka msewu ngati ndaiwala kanthu.

"Ndiye tamvera. Nyali umayesa dzuwa lisanalowe, osati mdima utakupeza. Ukapeza diso limodzi lafa, galimoto igone pomwepo. Kaya wakwiya ndani. Kaya ndine amene. Wamva?"

"Ndamva, amalume."

3. Mwendo wowongoledwa

Loweruka ananyamuka m'mawa, amayi kumbuyo akuimba, tambala ali m'manja mwa a Margareta, mayi ake a Tiyamike. Ulaliki anakwera zitunda akutsokomola, anaima kawiri kuti amwe madzi, koma anafika.

Chinkhoswe chinakoma. Eni mudzi anatulutsa atsikana atatu ofunditsidwa zitenje kumutu mpaka kumapazi kuti Agustino asankhe wake. Iye anazungulira kawiri, thukuta lili kamukamu, n'kumuzindikira Luckness ndi chala chaching'ono chakuphazi. Nthungululu zinamveka mpaka kumsika. A Elifala anapereka tambala, analandira msoti, ndipo analankhula mawu okoma moti akuchikazi anagwedeza mitu.

Cha m'ma folo koloko, anthu ali pakati pa kuvina, Tiyamike anayang'ana dzuwa n'kukumbukira lamulo. Anazemba, anapita pansi pa mtengo wa mango pamene panaima galimoto, anatenga kiyi pansi pa mpando pamene Dave ankabisa nthawi zonse, n'kuyatsa nyali.

Lakumanzere linawala. Lakumanja, zii.

Anayang'ana fyuzi, inali yamoyo. Anatsegula boneti, anachotsa chivundikiro cha mphira, n'kusolola babu. Galasi lake linali lakuda. Mwendo umodzi unali ndi chipsera, wopindidwa kenako n'kuwongoledwa mwachangu.

Linali babu lomwe lija loyenera kukhala m'chimbudzi ku Bowe.

"Mkazi wanga, ukusaka chiyani m'mimba mwa Ulaliki anzako akuvina?"

Anali Dave, botolo la zoziziritsa kukhosi lili m'manja.

"Babu latsopano lili kuti?"

"Aaa, limenelo? Ndabwereka, msuweni."

"Mwabwereka kuti mutani nalo?"

Dave anayandikira n'kutsitsa mawu. "Alamu athu a Andreya, mchimwene wake wa Luckness, njinga yawo yamoto inalibe nyali. Ndiye ine ndati, alamu, ife a ku Bowe timayenda ndi lapadera. Ukanaona momwe mng'ono wake wa Luckness, Peggy, anandiyang'anira! Pano ndine munthu pamudzi pano."

"Kabwezeni."

"Iwe, mphatso ya kwa alamu amailanda pa tsiku la chinkhoswe? Komanso a Andreyawo apita kukatula alendo ku Ntchisi."

"Ndiye munalisunga dala lakufali. Kuyambira dzulo."

Dave anamwa kaye. "Ambulera ija sunalire. Lero ukulira kababu? N'chisuweni, amayi. Msewu ndikuudziwa ngati m'thumba mwanga. Diso limodzi likwana. Tikafika ndidzati lapsa pachipata, adadi saona. Ukhale chete, bokosi tizidzagwiritsa ntchito tonse."

"Kumbuyoko kukhala amayi anga."

"Ndiye ukaulule, tione amene amumvere. Mwana wawo, kapena mwana wa mlongo?"

Anachoka akuimba mluzu. Tiyamike anathamangira kumsika. Sitolo yokhayo yogulitsa za galimoto inali yotseka, mwini wake ali kumaliro. Anabwerera, anamanga kiyi wa galimoto pamfundo ya chitenje chake, n'kuima pachitseko cha dalaivala.

4. Pamaso pa asewere

Dzuwa likupita kumapiri, anthu a ku Bowe anayamba kukwera, wina ndi lichero, wina ndi msoti. Akuchikazi onse anabwera kudzaperekeza. Dave anafufuza pansi pa mpando, kenako anatambasula dzanja.

"Kiyi."

"Galimoto sinyamuka," anatero Tiyamike.  "Diso lakumanja lafa."

Nyimbo zinaduka. A Elifala anabwera akufufuza njira ndi ndodo, bambo ake a Luckness ali pambali pawo.

"Chavuta n'chiyani?"

Dave ndiye anayamba kuyankha. "Ndinanena ine, adadi. Ntchito ya ana asukulu. Babu analigwira ndi zala, lapsa m'njira. Pano akuchita manyazi, ndiye akufuna tonse tigone m'tchire."

"Bodza, amalume. Babu latsopano alichotsa ndi a Dave, apatsa a Andreya. Abwezeramo lakufa lija. Nali, ligwireni."

Anawaikira babulo m'manja. A Elifala sanaliyang'ane, maso akanawathandiza chiyani? Analiyendetsa m'zala. Tiyamike anaona chala chawo chachikulu chikufika pamwendo uja. Chinaima. Chinabwerera, n'kuimanso pachipsera pomwepo.

Mtima wa mtsikanayo unakhala pansi. Adziwa.

Koma dzina la Andreya linali litagwa pakati pa anthu ngati mwala m'chitsime. Akuchikazi ankayang'anana. Bambo ake a Luckness anali atachotsa dzanja paphewa la a Elifala. Mayi wina anati chapansipansi, "Ndiye akuti mwana wathu walandira zakuba?"

A Elifala anaika babu m'thumba la jekete, n'kukonza kukhosi.

"Asewere, mutikhululukire. Babu langopsa. Mwanayu akuphunzira kumene, ndipo wophunzira akalakwitsa amasaka pothawira. Za a Andreya musazimvere, n'zachibwana. Ndinalakwa ndine kupatsa mwana ntchito ya akulu." Kenako anatembenuka. "Tiyamike, pereka kiyi. Tiyenda pang'onopang'ono."

Ena anaseka. Mnyamata wina anakuwa kuti, "Makaniko wa siketi!" Dave anapinda manja pachifuwa ngati wapolisi wapamsewu amene wagwira minibasi yodzaza.

Tiyamike anayang'ana amalume ake. Munthu yemweyo, pakamwa pomwepo, dzulo lomweli. Misozi inafika, koma anaibweza.

"Pereka kiyi, iwe!" anakalipa a Margareta ali pamwamba pa galimoto. "Ukufuna kumuwonongera mchimwene wako ukwati?"

Mtsikanayo anagwada, monga mwana woleredwa, koma dzanja linagwira mfundo ya chitenje.

"Amalume, ndifunse nawo. A Petulo ali ndi miyendo ingati?"

 Akuchikazi sanamve tanthauzo lake. A ku Bowe onse anamva. A Elifala anaweramitsa mutu.

Woyamba kusuntha anali a Margareta. Anapatsira mnzawo msoti, anakwinya chitenje, n'kutsika chammbuyo.

"Achimwene, mwanayu ndikamulanga kunyumba chifukwa cha pakamwa pakepo. Koma miyendo yangayi ndikuifuna yonse iwiri. Mtedza sindinakumbe."

Amayi ena anatsatira mmodzimmodzi. Galimoto inatsala yokha.

Eni mudzi, poti ndi anthu aulemu, anayala mphasa: amayi m'nyumba, abambo m'kalasi ya katekisimu. Koma ulemu suletsa pakamwa. "A ku Bowe awa," anatero wina kuseri kwa nkhokwe, "kudzapempha mkazi n'kupemphanso pogona!" Agustino anadutsa pafupi ndi mlongo wake osamuyang'ana. Palibe amene anamuitana Tiyamike kuti adzadye.

5. Kuseri kwa nyumba

Kutangoda, Tiyamike anali atakhala yekha pabampala ya Ulaliki. Kumsewu kunatulukira kuwala koyera, kwamphamvu, kosayenera njinga. Anali Andreya akubwerera. Ana anamuthamangira akukuwa kuti kwabwera ndege.

"Limenelo ngakhale ine ndaliona," anatero mawu kumbuyo kwake.

Anali a Elifala. Anakhala pambali pake movutikira, n'kutulutsa chimanga chootcha m'thumba. Tiyamike sanalandire.

"Munadziwa," anatero.

"Ndinadziwa. Mwendo unapinda bwino."

"Nanga bwanji?"

Mkuluyo anapuma mozama. "Tiya, unkhoswe ndi ntchito yonyamula mazira pamutu. Lero tamanga mabanja awiri ndi ulusi umodzi, ndipo ulusiwo sunaume n'komwe. Ndikanati inde, mwana wanga ndi wakuba ndipo mwana wanu walandira, anthu aja akanati tawatukwana pakhomo pawo. Luckness akanalowa m'banja la akuba. Agustino akanayenda chowerama pamudzi pano moyo wake wonse. Ndinayang'ana pamene pangagwere katunduyo osaswa kanthu, ndipo ndinaona iwe. Ndinati uyu ndi mwana, za ana zimaiwalika. Nkhoswe imameza zambiri, mwana wanga. Ukadzakula udzaona."

"Ndiye munati tiyende."

A Elifala anabweza chimanga chija m'thumba. "Pamenepo," anatero, "ndinawolokanso msewu."

Anapisa dzanja m'khosi, anamasula kiyi pakolona, n'kumutambasulira.

"Ntchito unaigwira, ndipo galimoto waigoneka monga ndinakuuzira. Bokosi ndi lako. Tenga, koma zithere pompano. Anthu asadziwe."

Kiyiyo anali wamng'ono, wosalala chifukwa cha zaka. Tiyamike anali atamulota kuyambira ali Sitandade 6. Anamuyang'ana, n'kubisa manja m'khwapa.

"Munandivula pagulu, amalume. Ndiye mukufuna mundivekere kuseri kwa nyumba?"

"Iwe mwana!"

"Ndikalitenga chonchi, a Dave adzati ndinalira ndiye mwandimvera chisoni. Ku Bowe ndani adzandipatse njinga yake kuti ndikonze? Ndine makaniko wa siketi wopsereza mababu. Mwanena ndinu. Sungani kiyi wanu."

Anaimirira n'kupita kumene kunagona amayi. Kuseri kwa galimoto kunamveka phazi likuponda masamba ouma, koma onse awiri anayesa mbuzi.

6. Mlandu suola

Lamulungu anthu onse anapita ku Misa yoyamba. A Elifala anagwada nthawi yaitali kuposa onse, moti a Margareta anayesa kuti mawondo akana kuwongoka.

Atabwerera pansi pa mango paja, a ku Bowe anayamba kukwera, akuchikazi ataimanso mozungulira. Mkuluyo anamenya bampala ndi ndodo katatu.

"Tatsikani kaye. Asewere, ndili ndi mawu, ndipo ndiwanenere pomwe ndinanenera a dzulo."

Anatulutsa babu lakuda lija n'kulikweza m'mwamba.

"Dzulo ndinanama pamaso panu. Babu ili linafa kale. Mwanayu analichotsa Lachisanu, ine ndili pomwepo, n'kuikamo latsopano. Ntchito yake inalibe banga. Amene anasintha ndi mwana wanga wobereka ndekha. A Andreya alibe mlandu, analandira mphatso kwa mlamu wawo osadziwa kumene yachokera. Ine ndinaopa manyazi, ndiye ndinatenga manyaziwo n'kumusenzetsa mwana wosalakwa. Kuposa apo, ndinafuna kukweza anthu khumi ndi asanu pagalimoto yabodza.

"Ananu, mverani. Chisuweni n'chabwino, chimatiseketsa pamaliro ndi paukwati. Tenga chipewa, tenga nzimbe, tenga ambulera. Koma chinthu chimene chagwira moyo wa anthu sichilowa m'chisuweni. Ndipo inu akuluakulu anzanga, mwana akakukumbutsani mawu anu omwe, musamutseke pakamwa chifukwa choti alendo akuona. Alendo amapita. Mlandu suola."

Bambo ake a Luckness anavula chipewa, n'kubwezera dzanja paphewa la a Elifala. "Asewere, tikanamva izi dzulo, tikanangotuma mwana kukaitana Andreya. Ife mwana wathu tikumupereka kwa anthu amoyo, osati kwa anthu aulemu ali m'manda."

Amayi anaimba nthungululu. Agustino anakanda m'mutu, n'kunena chapansipansi kuti, "Pepa, mlongo." Mnyamata amene anakuwa za siketi uja anapezeka kuti akumanga chingwe cha nsapato chimene sichinamasuke.

A Elifala anamasula kiyi pakolona. Ulendo uno Tiyamike anagwada, ndipo anamuveka m'khosi anthu onse akuona.

"Katenge bokosi lako, anthu alione. Ndipo Dave abwere kuno apepese. Dave!"

Palibe anayankha.

"Alamu a Dave?" anatero Andreya. "Abwereka njinga yanga ife tikupita ku Misa. Amati akukagula mayunitsi pamsika pompa." Anayang'ana dzuwa, n'kuyang'ana kumsewu. "Koma ndiye achedwatu."

Tiyamike anamasula mphira wa pachitseko n'kukankhira mpando kutsogolo. Kuseri kunali fumbi, chiguduli ndi jeke. Pakati pa fumbilo panali malo oyera a ngodya zinayi, pamene bokosi lobiriwira linakhala zaka zonse zija.

Anaimirira pomwepo, dzanja lili pakiyi wa m'khosi mwake, kiyi wopanda chotsegula.

"Tiya," anaitana a Elifala, amene sankaona kanthu. "Ukuchedwa chiyani? Lalemera?"

Mtsikanayo asanapeze poyambira, a Margareta anawerenga anthu ndi maso, kuchokera kwa achimwene awo osaona mpaka kwa msoti, n'kugwira pakamwa.

"Kodi abale, poti Dave kulibe, atiyendetse ndani?"

Mmodzimmodzi, anthu onse anatembenukira pamfundo ya chitenje cha Tiyamike, pamene panali kiyi wa Ulaliki.